Zikhomo M'dambo

Ntchito yanga ndi kunyamula zikhomo.
Bwana amasuzumira m'makina a miyendo itatu,
akakweza dzanja, ine ndimakhoma.
Lolemba lija tinatsika galimoto kuseri kwa komboni yathu,
pomwe msewu wafumbi umathera m'bango,
ndipo mapazi anga anadziwa njira ndisanawauze.

Malume Yotamu ankayendetsa thiraki ya ku Beira.
Ankabwera akununkha dizilo ndi mchere,
n'kumatisimbira za doko lomwe madzi ake amachoka m'mawa
kusiya mabwato atagona cham'mbali m'matope
ngati ng'ombe zokhuta,
kenako n'kubweranso kudzawadzutsa.
Ife tinkaseka. Madzi opita kokayenda?
Tsiku lina anatikokera kuno, natiloza mzere wakuda pamwala:
"Doko lanu ndi ili, ana inu.
Kungoti lanuli limapuma kamodzi pachaka."

Sananame.
Januwale madzi amatumphuka pansi,
amakwera m'ming'alu ya miyala yoyera ya Lusaka,
amafika pamzere uja n'kuima.
Dzuwa likakula amabwerera kwawo mwakachetechete,
kutisiyira milamba m'zithaphwi, nkhanu,
dongo la mitsuko,
ndi chinyontho cha madimba a repu
amene analipira fizi yanga mpaka giredi naini.

Ploti 114 yagwera pamwala womwewo,
pomwe a Ziyoni amabatizira, mikanjo itanyowa mpaka m'chiuno.
Ploti 115 yameza mkuyu
umene nantchengwa anamangapo chisa chachikulu kuposa chipinda changa cha lendi.
Pa 120 ndi pomwe tinapeza Lazalo, mng'ono wa mnzanga,
chaka chimene madzi anapyola mzere.
Papepala la bwana zonsezi ndi mabokosi oyera,
olingana ngati mano a chipeso.

Kunabwera wogula, nsapato zosongoka, makiyi akulira kuchala.
Anafunsa, "Pano sipalowa madzi?"
Bwana anaponda pansi kawiri, fumbi n'kubuka.
"Mwaona nokha."
Unali Okutobala.
Ine ndinayang'ana hamala yanga.

Madzulo ndinapita kwa Amayi Zelesi Mbuzi,
aja oluka mphasa pafupi ndi kantemba ka malasha.
Ali ndi kope la mwana wasukulu, chikuto chinathothoka.
Kutsogolo alembamo zonse zokhala m'dambo:
kakowa, njedza, achule amitundu itatu,
mankhwala a chifuwa omera kumunsi kwa mkuyu,
ngakhale nyimbo imene amayi awo ankaimba podula bango.
Kumbuyo kuli maina a anthu,
ena ndi cholembera, ena ndi chala choviika mu inki.
Akuti Lachinayi apita nalo kukhonsolo,
akakhala pabenchi mpaka wina alitsegule.

Anandiyang'ana m'manja, matuza a hamala ali tuwii.
"Si iwe ukukhoma?"
Ndinati ndine.
"Nanga wadzatani?"
Ndinawapatsa manambala a maploti onse,
ndi dzina la kampani lolembedwa pachitseko cha galimoto.
Analemba pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo.
Kenako anatembenuza kope, nandipatsa cholembera.
Ndine wa nambala sikisite-fili.

Sindinazule chikhomo ngakhale chimodzi.
Mwana wanga amadya kuchokera m'hamala imeneyi,
ndipo mawa seveni koloko ndidzakhala ndili kumbuyo kwa galimoto,
zitsulo zikundigunda m'maondo.
Koma cha 114 ndinachikhoma mwaulesi,
kawiri kokha,
pamwala sichikanalowa n'komwe.

Malume anagona kale ku Chingwere.
Sanaone mabuloko akutsitsidwa pomwe ankatiloza.
Ndikanakonda kuwafunsa
ngati kudoko kuja aliko amene anagulapo matope
madzi atapita kokayenda,
n'kumanga nyumba, n'kuika geti,
n'kumadikira.

Dzulo podutsa ndinaona nantchengwa
ataima pachikhomo changa chopendekeka,
akuyang'ana kumpoto, komwe mitambo yayamba kuda.