Komwe Mayina Azigona

Kuno ku Ngabu dzuwa limadzuka litakwiya kale.
Pofika eyiti koloko selotepi yafewa,
matumba a malambe ndi bwemba ali ndondondo pakhonde,
lililonse ndi dzina la munthu amene sindinamuonepo nkhope:
wa ku Mzuzu, wa ku Kasungu,
wina wa ku Joni amene amati lilime lake likulira kwawo.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndalemba maoda m'buku lachikuto chakuda.
Chiswe chinadya Malichi yense wa chaka chatha.

Ndiye Zuze, mwana wa mchimwene wanga,
wabwera ndi mapulogalamu awiri m'kompyuta,
wawaimika pamaso panga ngati ng'ombe zapamsika,
akuti, Azakhali, yang'anani mano, musankhe.

Yoyamba imagona m'makina momwemu.
Siipempha netiweki, siilira bandulo.
Koma ndi mphasa imodzi yaitali:
Mai Nyirenda akaitanitsa kakhumi, dzina lawo ndilembe kakhumi,
ndipo tsiku lina chala chikaterereka
kubadwa a Nyilenda achiwiri,
ngongole n'kugawikana pakati, aliyense n'kuoneka wosalakwa.
Khomo lakenso n'lopapatiza.
Ine ndikalowa, Esinta adikire panja.
Tikakakamira tonse,
thumba lotsiriza la ufa wa malambe tiligulitsa kawiri,
kenako ndi ine woimba foni yopepesa.

Yachiwiri ili ndi makola.
Ogula kwawo, katundu kwake, maoda kwawo,
zonse zomangidwa ndi nambala ngati yapakhutu la ng'ombe.
Munthu akasamuka ku Zolozolo kupita ku Chibavi
ukonza pamodzi, makola onse amva.
Esinta angathe kulemba ali ku Nchalo, ine ndili pano,
osapondana zala.
Koma imakhala kumtambo, akutero Zuze.

Ndinasuzumira kunja. Okutobala.
Kunalibe ndi kamtambo komwe.

Anaseka mwanayo. Mtambo wake ndi nyumba yozizira kutsidya kwa nyanja,
lendi yake mwezi ndi mwezi, m'madola,
ngakhale kwacha itsetsereke
ngati lole yoduka mabuleki yolunjika pa Thabwa.

Ndinamufunsa za madzi.
Iye anali kusukulu ku Blantyre chaka chija
pamene mtsinje unalowa m'nyumba usiku osaodira.
Buku ndinalisenza pamutu, mbuzi ndinazisiya.
Kompyuta ikanamwa matope, akuvomera,
koma mtambo sunyowa.
Eya, sunyowa.
Nanga masiku naini amene nsanja ya foni inali duu,
mapolo a magetsi atagona m'mchenga,
mtambo wakowo ndikanaufikira ndi makwerero anji?

Anakanda kumutu. Fani inaima. Magetsi apita.

Tinakhala choncho, thukuta likuyenda m'misana,
ine ndikuganiza za bambo Mwafulirwa a ku Karonga
amene akazi awo anamwalira mu Juni.
Iwowo ndiwo ankakonda bwemba,
koma bamboyo amaitanitsabe makilo awiri mwezi uliwonse.
M'buku langa, m'mphepete, ndinalemba ndi pensulo:
musawakumbutse ngongole.
Khola liti lisunge zimenezo?

Lilipo danga la ndemanga, akutero Zuze,
zilembo mazana awiri.
Zikwana, ndinati. Mwina.

Tagwirizana motere, mpaka mvula yoyamba:
tiyese ya makola mwezi umodzi.
Lachisanu lililonse Esinta asindikize zonse papepala,
tipinde, tiike m'chidebe chotsekera,
tipachike kudenga komwe madzi aja sanafike.
Zuze akuti kumeneko n'kubwerera m'mbuyo.
Ine ndati m'chigwa muno
chinthu chogona malo amodzi sichikalamba.

Basi ya ku Nsanje yaliza hutala pamsewu.
Kondakitala sadziwa za makola kapena mitambo.
Akufuna dzina lalikulu pathumba, nambala ya foni pansi pake,
ndiye ndagwada, ndaluma chitsekero cha cholembera,
ndikulemba M woyamba.