Kadontho Kofiira mu Mtsinje wa Douro

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikukonza maambulera
pa kamsewu kotsetsereka kuno ku Porto,
kumene mvula yochokera kunyanja yamchere imabwera chopingasa
n'kuthyola nthiti za ambulera ngati minga ya nsomba.
Chikwangwani ndinalemba ndekha: Albano, Wokonza Maambulera.
Utoto unasuluka, koma anthu ankalidziwa khomo.

Ankalidziwa. Ambiri a iwo anagona kale kumanda a Agramonte.
Ana awo amayenda maso ali pa foni,
amadutsa pakhomo panga madzi akuchucha m'khosi,
chala chikufunsa kagalasi:
wokonza ambulera ali kuti pafupi ndi ine?
Ine ndili pompano, mapazi anayi kuchokera pa chigongono chawo,
foni n'kuwauza kuti kulibe.

Graça, mwana wa mlongo wanga, anabwera Lachiwiri.
Anati, Malume, tiyeni tikufufuzeni pa intaneti.
Tinandipeza.
Kadontho kanga kofiira kanali pakati pa mtsinje,
kunsi kwa mlatho wachitsulo, pokhotera mabwato a alendo.
Zaka zonsezi, kwa makina, ndinali munthu womira.
Nambala ya foni inali ya malemu mkazi wanga,
ndipo pansi pa dzina langa panalembedwa: mwina anatseka.

Anandivuula ndi chala chimodzi,
kukoka kadonthoko kukwera chitunda
mpaka pa khomo nambala 41.
Kenako mafunso ngati a kupolisi.
Mumatsegula nthawi yanji? Ndikadzuka.
Ayi Malume, makina samva zimenezo.
Chabwino, naini koloko. Loweruka mpaka masana.
Dzina ndi adiresi zifanane paliponse,
mukasintha chilembo chimodzi akuyesani anthu awiri.
Ine ndimati ndimachiritsa maambulera.
Iye anati, munthu wonyowa salemba ndakatulo,
amalemba kuti kukonza.
Anajambula manja anga, pulayala, bokosi la zogwirira zamtengo,
ndi mphaka atagona pa nsalu zakuda.
Nkhope ndinakana.

Masabata atatu, zii.

Pemphani makasitomala akupatseni nyenyezi, anatero,
ine amene sindinapemphepo ngakhale machesi.
Ndinayamba ndi Dona Ermelinda, maso ndili pansi,
pomubwezera ambulera wa mwamuna wake
amene ndausoka kasanu chimwalirire mwini wake.
Analemba mizere khumi ndi iwiri.
Theka inali yokhudza mwamunayo.

Wina anandipatsa nyenyezi ziwiri zokha:
ndinafika Lachinayi teni koloko, pakhomo pali loko.
Usiku umenewo tulo sitinabwere.
Graça anati muyankheni, onse akuwerenga.
Ndinalemba ndi chala chonjenjemera:
Pepani, ndinali kumaliro a mnzanga wosoka nsapato.
Bwerani mawa.
Anabweradi, mnyamata wamtali wa jekete yachikasu.
Nyenyezi sanawonjezere,
koma anandisiyira ambulera wa amayi ake.

Masiku ano foni imalira mitambo isanagwe.
Akubwera ophunzira, anamwino, mayi wina wa ku Matosinhos
amene anakwera sitima ndi maambulera asanu ndi awiri m'khwapa.
Ena amafunsa za mphaka asanandipatse moni.

Nthawi zina ndikatseka ndimatsegula mapu aja,
ndimayang'ana pamene ndinali nditamira.
Pali madzi okhaokha, obiriwira, opanda dzina.
Ndimaganiza za mnzanga wosoka nsapato uja,
kaya kadontho kake kanali kuti,
kaya alipo amene akumufufuzabe.

Dzulo ndinagula kachitini ka utoto woyera,
ndinakwera pa mpando, bondo likudandaula,
ndinabwereza zilembo za pa chikwangwani chimodzichimodzi.
Foni imawafikitsa pa msewu.
Mapazi anayi otsalawo amayenda ndi maso awo.