Waya wa Buleki

Matikiti awiri. Atate anayang'ana kalisiti kawiri
n'kunena kuti, imeneyi ndi thumba la makala.
Tinakwera masitepe oyenda okha ku Manda Hill
atandigwira dzanja ngati tikuwoloka Luangwa.
M'katimo kuzizira kwa Juni, chonsecho kunja ndi Okutobala.
Mbuliwuli anakana:
mano anatsala asanu ndi limodzi, ati onse ali pa ntchito.

Sindinawauze chimene tabwerera.

Filimu inayamba ndi magalimoto akuda,
mkazi wolira koma zodzola osasungunuka,
Cairo Road yojambulidwa kuchokera kumwamba
mpaka inaoneka yaukhondo ngati ya kwa eni.
Nyimbo zinkabwera ngati maminibasi a m'mawa,
iyi ya pa wailesi chaka chatha,
iyi ya m'mabala a ku Kabwata,
iliyonse kunyamula anthu pang'ono, kuwatsitsa panjira.
Atate anagona.
Mkonono wawo unalowa nawo m'filimu.

Kenaka dziwe losambira ku Kabulonga,
mnyamata wa wotchi yolemera,
mtsikana wa diresi yofiira,
milomo ikuyandikana,
ndipo gitala inalowa.

Atate anadzidzimuka ngati wina waitana dzina lawo la ubwana.

Zala zakumanzere zinayamba kuyenda pa bondo,
zala zomwe zija zimamata nsapato pa msika wa Matero,
zakuda ndi guluu, zikhadabo zong'aluka,
zikupeza malo ake osafunsa.

Imva apo, ananong'ona, apo ikulira m'mphuno.
Nsambo inaduka usiku wojambula.
Tinamanga waya wa buleki wa njinga ya Bisalomu.
Anabwerera ku Chawama akuima ndi chidendene.

Nyimboyo ndimaidziwa. Si ya chikondi.
Ndi ya landilodi amene anazula chitseko chathu
lendi itafika miyezi itatu,
amayi ali ndi pathupi panga,
iwo n'kupachika chitenje pakhomo
kuti mphepo idziwe poima.
Koma pa chinsalu awiri aja akupsompsonana
pa mawu enieni aja otukwana landilodi,
ndipo mayi wina pambali panga akupukuta misozi.

Kutsogolo kwathu ana a sukulu anakweza mafoni m'mwamba
kufunsa foni kuti imeneyi ndi ya ndani,
mwini wake ali kumbuyo kwa makosi awo
atavala jekete la pa ukwati wa Tisauke.

Masekondi makumi anayi. Ndinawerenga.
Mfuti inalira, gitala n'kudulidwa
isanafike pamene atate amati m'pokoma.

Magetsi atayaka anthu anatuluka,
tinatsala ife ndi mnyamata wosesa.
Mayina ankakwera ngati nyerere pakhoma:
wopesa tsitsi, woyendetsa lole, wophika tiyi,
ngakhale mwini galu.
Pansi penipeni, timalemba ting'onoting'ono:
Y. Mchenga.

Mshanga, ndinauza chinsalu. Ndi Mshanga!
Wosesa anaima kaye.
Atate anaseka mpaka kutsokomola.
Asiye, mwanangu, sanalakwe kwenikweni.
Mchenga ndi umenewo,
umamanga nyumba za ena.

Za ndalama ndinafunsa pa siteshoni.
Ati anagulitsa kale nyimboyo, ine ndisanamere mano,
kwa bwana wa suti yobiriwira:
anawapatsa makwacha okwana chitseko chatsopano
ndi loko wake.
Ndinafuna kukwiya, koma chitsekocho ndikuchikumbukira,
ndinaphunzirira kulemba dzina langa pa icho.

M'minibasi, pa mpando wakumbuyo,
kamnyamata kena kanayamba kuimba mluzu.
Nyimbo yomweyo, koma kakukhotetsa pa mapeto.
Atate sanatembenuke.
Anangogogoda pa zenera ndi mphete,
kawiri, kenaka katatu,
mpaka mluzu unawongoka.

Titatsika, fumbi la Matero lili m'kamwa,
anaima pa ngalande n'kumanga bwino chingwe cha nsapato.
Mawa undiperekeze ku manda a Chingwere, anatero.
Bisalomu ayenera kumva
kuti njinga yake yafika ku Kabulonga.