Matabu Amene Anthu Asiya

Ndimatseka sitolo dzuwa likamira kuseri kwa Kanjala,
koma ndisanakoke chitseko chachitsulo
ndimayendera makompyuta asanu
(wachisanu ndi chimodzi adafa ndi mphenzi chaka chatha)
kutseka zimene anthu asiya.

Munthu akadzuka pampando amawerenga chenji kawiri,
amasisita thumba ngati foni ilimo,
koma matabu ake amawasiya ali ndandanda pamwamba paja
ngati nsapato pakhomo la nyumba ya maliro.

Pa kompyuta ya pazenera lero asanu ndi limodzi:
mtengo wa soya sabata ino,
mtengo wa feteleza,
feteleza yemweyo kwa wogulitsa wina,
basi ya ku Lusaka ya mbandakucha,
zigoli za dzulo,
ndi lakumapeto, lofinyika mpaka dzina losawerengeka,
zizindikiro za matenda a impso.
Ndikuwadziwa amene anakhala apa. A Sakala, achipewa chofiirira aja.
Analipira theka la ola, anandiseka kuti timu yanga yagwa,
anakwera njinga ya mnyamata kulowera ku Kapata.
Za impso sanatchule.
Ndatseka limodzilimodzi, lomalizalo ndachedwa nalo.

Mai Tilabilenji Miti tsiku loyamba
ankagwira mbewa ya kompyuta ngati iwaluma.
Akafuna tsamba lina, ankatseka lonse n'kuyambiranso.
Ndidati, Mai, sitigumula nyumba kuti timange khitchini.
Onani kamtanda aka pambali, koongoka, kamatsegula chipinda china.
Aka kopendama kamatseka.
Adayang'ana nthawi yaitali, kenako adaseka:
Woongoka ndi wa kutchalitchi,
wopendama ndi wa aphunzitsi ukalakwa samu.
Kuyambira pamenepo sadasokonezenso.

Amabwera Lachiwiri lililonse, atagulitsa repu wao,
zala zikununkha anyezi.
Amafuna tsamba limodzi lokha,
la koleji ya unamwino kumene Yotamu wao adalembera,
kuona ngati maina atuluka.
Adiresi yake ndi yaitali ngati msewu wa ku Chadiza nthawi ya mvula,
ndipo pepala limene adailembapo lidanyowa.

Abwana anga a Fakisoni adalamula kale
kuti tsamba loyambira likhale la mitengo yathu:
kusindikiza, kufotokopa, zithunzi za pasipoti.
Koma pa kompyuta ya pakona, yomwe iwo sakhalapo
chifukwa mpando wake umatsina,
ndidalowa m'zokonzera, ndidafufuta mitengo,
ndidaika adiresi ya koleji ija.
Mai, mukasochera dinani kanyumba aka.
Kanyumba kopanda utsi, kopanda nkhuku pabwalo,
koma kamakubwezerani kumene mtima udatsala.

Tsopano aliyense wokhala pakona,
wofuna ntchito ku Mwami, wofuna nyimbo, wofuna mkazi,
amayamba wapatsa moni koleji ya Yotamu.
Ena amadandaula. Ndimati ndi vuto la netiweki.

Magetsi akathima pakati pa tsiku
chipinda chonse chimati aaa pamodzi,
fani imazungulira kawiri n'kuima.
Akabwera, makina amafunsa mwaulemu
ngati ndikufuna abweze masamba onse mmene analili.
Palibe munthu adandifunsapo funso lotere.

Nanenso ndili nalo langa,
pa kompyuta ya pakauntala, kumanzere kwenikweni:
fomu ya maphunziro a zamagetsi
imene ndidaiyamba mu Malichi.
Dzina ndidalemba, mudzi ndidalemba, Feni,
pa ndalama zolipira ndidaima.
Usiku uliwonse chala chimafika pa kamtanda kopendama,
chimaimapo pang'ono, n'kubwerera.

Maina sanatulukebe. Mawa ndi Lachiwiri.
Ndapukuta fumbi pa kompyuta ya pakona,
ndaika katoni pansi pa mwendo wa mpando uja.