Nandolo wa ku Fordsburg

Wani koloko. Bwana watsitsa chitseko cha sitolo,
wapita kukaswali,
ine ndi Faisoni tatsetsereka ndi Mint Road
manja m'matumba,
ulusi wa nsalu zimene tasenza m'mawa wonse udakali m'tsitsi.
Juni wa ku Joni saseka ndi munthu.
Dzuwa lilipo, koma langobwera kudzaonerera.

Pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa masutikesi
pali kachipinda ka matebulo asanu,
limodzi lotsimphina, alichirikiza ndi katoni yopinda.
Mtengo aulemba ndi choko: malandi makumi anayi,
mpunga woonjezera ngwaulere.
Mawu omalizawo ndiwo anatikokera muno.

Mbale yake njachitsulo, ya zipinda zisanu,
ngati nyumba ya lendi ya ku Mayfair
imene timagonamo anthu khumi ndi awiri.
Faisoni wazonda chipinda ndi chipinda
nanong'ona: "Achimwene, nyama aiwala?"
Mayi Hansa Chichewa sachidziwa
koma funsoli alimva kale m'zinenero zonse za mumsewu uno.
Apukusa mutu,
amuonjezera chipande cha mabiringanya
ngati akum'pepesa maliro.

Kachewere wavala chikasu.
Achali wa mango waluma lilime, misozi lengelenge.
Therere lobala alikazinga mpaka gwa, lopanda ulenda,
ndikauza ndani kwathu kuti andikhulupirire?

Kenako ndang'amba chapati,
ndaviika mumsuzi wa pakona,
ndipo nsagwada zaima.
Pansi pa tsabola, pansi pa adyo
ndi timbewu takuda tothetheka m'mafuta,
muli wina amene ndikumudziwa.
Amusenda khungu, amugawa pakati,
dzina amupatsa lina, akuti ndi dalo,
koma ndi yemwe uja.
Nandolo.

Nandolo wa kuseri kwa Migowi,
amene mlongo wanga Esinala amapuntha ndi chibonga pabwalo,
napeta mpaka nsidze zitayera,
nasenza thumba kupita kwa venda wa sikelo yabodza
yemwe amati, "Chaka chino Amwenye sakumufuna,"
uku lole ili chiimire kumbuyo kwake, injini ikulira.

Iwe nandolo, unadzera kuti?
Ku Limbe, ku Nacala, pamadzi m'sitima,
mapepala ako onse odinda bwinobwino?
Ine ndinadzera pa Zobwe, Tete, Nyamapanda,
ndinagona masiku awiri pa Beitbridge ndi buledi mmodzi,
ndipo chidindo changa chinatha mphamvu mvula isanagwe.
Tonse awiri tinachoka pa chifukwa chimodzi:
kwathu ankatigula motchipa.
Lero takumana patebulo lotsimphina,
iwe wakwera mtengo,
ine sindikudziwa.

Kunja kwadutsa galimoto ya apolisi, pang'onopang'ono.
Telala wa ku Bangladesh, mtsikana wa ku Bulawayo wa yunifolomu ya ulonda,
mkulu wa tayi amene amawerenga nyuzi akudya,
tonse tapeza chochita m'mbale zathu.
Yapita. Masipuni ayambiranso kulira.

Faisoni wapukuta zipinda zonse zisanu ndi chala.
Mbale ikuwala, akudzionera nkhope.
"Mawa tibwerenso," akutero,
"koma kumudzi asamve
kuti ndinaoloka malire atatu kudzagula nandolo ndi malandi."

Pakauntala Mayi Hansa atithira m'manja
timbewu tonunkhira tosakaniza ndi shuga,
tosukusulira m'kamwa.
Andibwezera chenji chotentha, chochokera m'thumba la epuloni.
Ndimafuna kuwauza kuti mwina ndi mlongo wanga
amene wawadyetsera makasitomala lero,
koma Chingerezi changa ndi cha mamita ndi mitengo ya nsalu,
sichifika kumunda.
Ndangoti zikomo, m'chinenero changa.
Agwedeza mutu. Amva.

Foni yanjenjemera m'thumba tili pa maloboti.
Esinala: nandolo wayamba maluwa,
venda walonjeza kale za ziii,
kodi mwezi uno nditumiza?
Chala chazizira pagalasi.
Ndalemba kuti, "Ndadya kwanu lero,"
ndafufuta,
ndalemba kuti, "Lachisanu."