Mpando wa Marjatta

Zaka khumi ndi zitatu m'nyumba ino ya ku Oulu,
sabuufa imodzi itagona pangodya ngati galu wokhuta.
Ine pampando wanga besi inkandifika m'nthiti.
Marjatta, wake uli pafupi ndi zenera, ankangoluka masokosi.
"Ukumva mmene gitala lija likutsikira?"
"Ndikumva tiziwaya tokha," iye, osadzutsa mutu.
Ndinati alibe khutu la nyimbo.
Ndinamukhululukira. Tangoganizani: ine, kumukhululukira iye.

Lachinayi, dzuwa la Disembala litalowa nthawi ikadali masana,
ndinakhala pampando wake kumanga nsapato,
chimbale chikuzungulira.
Besi yonse zii.
Ndinaimirira, inabwera. Ndinakhalanso, inathawa.
Nsapato ija sindinamange.

Teuvo wa nyumba yoyandikana, amene anakalambira m'mainjini a sitima,
anandilongosolera ndi chidebe cha madzi a ku sauna.
Anachigogoda m'mbali. "Taona.
Funde lopita ndi funde lobwerera zikakumana chamutu, zimaphana.
Mawu apansi ndi aatali kuposa chipinda chako, Aulis.
Amasiya zulu apa, maenje apo.
Mkazi wako wamukhazika m'dzenje.
Gula ina, ikwirire zimene inzake yakumba."

Ndiye ndinagula.
Ndinainyamula masitepe makumi anayi, msana ukudandaula,
ndinaikhazika pampando wa Marjatta ngati mlendo wolemekezeka,
ine n'kugwada.
Mawondo a zaka sikisite-seveni, kukwawa m'mbali mwa khoma,
khutu pafupi ndi kapeti, kufunafuna pamene mdidi ukumveka wathunthu.
Kuseri kwa sofa kunali phokoso la mphika wosweka.
Pansi pa shelefu ndinapeza batani, fumbi,
ndi singano yolukira imene anandinamizira kuti ndinataya.
Pakati pa khoma lakumbuyo, apo!
Ndinamatapo tepi yabuluu.

Yakale ija ndinaitulutsa pangodya, ikukana,
mpaka pakati pa khoma lakutsogolo, ziyang'anizane.
Nthambo pansi pa kapeti.
Kaswitchi kakumbuyo, uku, uko, ukunso,
mpaka ziwirizo zitaleka kukangana.
Chodabwitsa: voliyumu ndinachita kutsitsa.
Ndinayenda chipinda chonse chammbali ngati nkhanu,
dzenje lija osalipezanso.

Anabwera kuchokera kosambira tsitsi likadali lonyowa,
anakutumula chipale pa nsapato,
anawerenga mabokosi ndi maso: imodzi, ziwiri.
Sanafunse mtengo. Adzafunsa.
Anakhala, n'kutenga ulusi wake.
Ndinatsitsa singano pachimbale.

Mphindi imodzi. Zala zinaima.
Khofi m'kapu yake anachita timizere.

"Woimba besiyu wabwera liti?"
"Anali momwemo chiyambire."

Anakhala chete mpaka nyimbo yatha.
"Tsitsa pang'ono, mwana wa pansipa wagona."
Ndinatambasula dzanja.
"Ayi, dikira. Ibwereze kaye.
Ndili ndi ngongole ya zaka khumi ndi zitatu."