Amisiri a M'bere

Ndinakapeza Lachitatu, kusanache,
nditatsamira mimba ya ng'ombe yanga kwa Kamwendo,
zala zikadali zofunda ndi mkaka.
Mkono unakhudza pachifuwa
ndipo kanali pomwepo,
kolimba ngati njere ya nzama,
kosapweteka, kosasuntha,
kamlendo kolowa m'nyumba popanda odi.

Zaka khumi ndi ziwiri ndikukama.
Bere la Nyenyezi likangotentha pang'ono
ndimadziwa dzuwa lisanatuluke.
Langali ndinali ndisanalifunsepo kuti lagona bwanji.

Kuchipatala ku Mchinji
a Nachisale anatembenuza buku langa la kuchipatala
najambula kuseri, ndi bolopeni yofiira,
kamtengo ka nthambi zoonda.
"M'njira za mkakazi," anatero,
"mumakhala maselo ochepa, makolo a anzawo,
ogona ngati mbewu yopachikidwa kudenga.
Amadzuka mtsikana akamakula.
Amadzukanso mayi akaima,
kutambasula nthambi, kukoloweka timatumba ta mkaka.
Mwana akaleka kuyamwa zambiri zimafota,
koma iwo amatsala, kudikira dzinja lina."

Ndinaseka, poti izi ndimaziona m'khola.
Nyenyezi imauma, ikabereka n'kudzazanso.
Nanenso katatu konse:
Yotamu, Zelifa, kenako mapasa
amene anandiyamwa mpaka ndolo kulendewera.
Sindinkadziwa kuti ndili ndi amisiri
omanga usiku, osapempha ya sopo.

"Nanga kanthuka?"

Anaika bolopeni pansi.
"Ofufuza akuganiza kuti nthawi zina
mmisiri wokhalitsa amaphonya muyezo.
Amamanga, n'kumanga,
osamva kuti anzake aweruka.
Si zonse zadziwika, mayi.
Titenge kachidutswa, tikaone."

Masabata asanu.
Mtedza unacha kumunda, ine ndikuyang'ana foni.
Apongozi anati ndi mkaka wa mapasa unaundana.
Wina anatchula dzina la mnansi amene tinakangana malire.
Ine ndinangokama,
m'mawa, madzulo,
chigubu panjinga, ulendo kokagulitsa.

Ku Lilongwe analichotsa lamanzere.
Ndinayesa nkhani yatha,
koma anati mpeni wokha sukwanira,
ndipo ndinamva msanga,
ine amene ndinadula muwanga pakati pa munda
n'kupeza chitsa chaphukira mvula yoyamba.
Ndiye dilipi, kasanu ndi kamodzi.
Tsitsi linatsala pamtsamiro.
Fungo la mkaka, la mkaka wanga womwe wa m'khola,
linkanditembenuza m'mimba,
Zelifa n'kumakama ndi zala zake za kusukulu,
ng'ombe ikuponya mwendo.

Amandifunsa ngati ndimakwiya.
Ndikwiyire ndani?
Manja amene anamanga chotupa
mwina ndi omwewo anadzaza kamwa za ana anga anayi.
Sindidziwa kutukwana theka la munthu.

Pano ndabwerera pampando wanga wa miyendo itatu.
Kumanzere ndimaikako kansalu kopinda,
nthawi zina ndimaiwala.
Pamzere wa zigubu, tikudikira woyeza mkaka,
ndimauza a Mwatitha ndi a Esinati:
mumapapasa ng'ombe tsiku lililonse,
dzipapaseni inunso mukamasamba,
mpaka kukhwapa.
Amaseka, n'kuphimba pakamwa ndi chitenje.
Dzana a Esinati ananditsatira kunjira,
osaseka,
nafunsa tsiku limene a Nachisale amapezeka.

Nyenyezi ili ndi bere, miyezi isanu ndi itatu.
Usiku ndimaika khutu pambali pake.
Muli phee,
koma ndikudziwa kuti m'katimo ayamba kale kumanga.